Wolawa Mowa wa Kuchigafa

"Sindilowa, Ankolo. Ndibweretsereni panja pano."

Tadala anaima pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja. Anavala zakuda, anali akuchokera kutchalitchi. Tsiku limenelo bambo ake, a Sandalamu, anakwanitsa chaka ali m'manda. Ine ndinali mu epuloni, manja ali mafuta a nthiti.

"Lowa," ndinatero.

"Ndati sindilowa. Malo ano ndi amene anawapha."

Anayankha m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse. Chichewa amamva, koma sichimutuluka.

Katundu amene ndinamuitanira anali kapu imodzi basi, ndipo inali m'thumba la epuloni. Koma kapuyo ili ndi nkhani, ndipo nkhaniyo ndinaisenza zaka zambiri. Mwanayu ankakhulupirira kuti bambo ake anali chidakwa, kuti mowa ndi umene unawawotcha kummero. Si zoona. Ndinkafuna achoke pamalopo akudziwa zoona. Vuto langa ndi loti kulankhula sindimatha.

Ndiyambe ndi mwini kapu.

A Sandalamu anali Mngoni wa ku Ntcheu, wamfupi, wamapewa ngati goli. Kuno anabwera ngati khukhi wa kazembe, pamsewu wa Massachusetts Avenue ku Washington. Kazembeyo ataitanidwa kumudzi, iwo anatsala. Mkazi wawo anali atamwalira, mwana ali pasukulu, ntchito palibe. Tsiku lina pamsika wa alimi anaona mzungu akugulitsa nyama ya nkhumba. Anamufunsa kumene amapititsa miyendo. Mzunguyo anati amataya. A Sandalamu anamuyang'ana ngati munthu amene waulula kuti anapha mayi ake. Mzunguyo anali a Henki. Sabata isanathe, a Sandalamu anali akuphika mang'ina m'khitchini mwa a Henki.

Malowo ali kutali ndithu. Ukadutsa Bowie nyumba zimayamba kutalikirana, kenako ndi minda ya chimanga ndi soya, mahatchi, msewu wopapatiza wotsikira ku mtsinje wa Patuxent. Nyumbayo kale inali chigafa cha fodya. Mitanda imene ankapachikapo fodya ikadalipo kudenga, yakuda bii ndi utsi. A Sandalamu atalowa koyamba ananunkhiza, n'kunena kuti afika kwawo. Dzina lachingerezi lili pachikwangwani, koma ife timangoti Kuchigafa.

Mkati ndi mwamdima pang'ono ngakhale masana. Pakati pali moto wa nkhuni, matebulo ndi amatabwa okhuthala, pansi pamalira ukamayenda. Pakati pa sabata mumabwera alimi ndi nsapato zamatope. Loweruka amabwera a ku Washington, ovala bwino, ojambula chakudya asanadye. Mowa ndi wa m'migolo, wochokera kwa ofulula a m'dera lomwelo. Migolo imakhala m'chipinda chozizira chapansi, mowa umakwera m'mapaipi mpaka pamipopi. Pali wakuda wonunkhira ngati khofi wopserera, pali wofiirira, pali wina wowawa ngati kwinini umene achinyamata amaufera. Chakudya ndi nthiti zowotcha pautsi, supu ya nkhanu, mbatata yokazinga, buledi wa chimanga. Mang'ina ndi masamba otendera anabweretsa ndi a Sandalamu. Nsinjiro ankasinja okha. Alimi poyamba ankaopa, kenako anayamba kukwiya zikatha.

Nkhani ya tsiku loyamba la a Sandalamu ine sindinaione. Amaikamba mayi Rute, mkazi wa a Henki. Wothira mowa sanabwere tsikulo, ndiye anawaimika a Sandalamu pamipopi. Kunabwera mlimi wina wamkulu thupi, a Dagi, n'kuitanitsa wakuda. A Sandalamu anathira bwinobwino, thovu lili pamwamba. Anamwako. Anapukuta pamlomo wa tambula ndi chala, n'kupereka ndi manja awiri.

A Dagi anayang'ana tambula, anayang'ana munthu, n'kufunsa mayi Rute ngati ayamba kulemba ntchito amisala.

A Sandalamu sanaone cholakwika. Anafotokoza kuti kwathu wopereka mowa amayamba walawa, mlendo akuona, kuti adziwe kuti mulibe choipa. Ukampatsa munthu osalawa, ndiye kuti ukudziwa chimene waikamo. Mayi Rute anati kuno a zaumoyo akamva zimenezo atseka malo. A Henki anaseka mpaka kutsamwa, amvekere imeneyi ndi njira yatsopano yomwera ulere. Anakangana mpaka madzulo, kenako anagwirizana. Tambula ya kasitomala asaikhudze. Koma mgolo watsopano ukatsegulidwa, kapena mapaipi akatsukidwa, kapu yoyamba ndi yawo, anthu akuona.

Kapuyo anachokera nayo ku Ntcheu, ya aluminiyamu, chogwirira chopindika. Ankamwa, kudikira pang'ono, kenako amvekere, "Ndalawa, imwani." Alimi anawaphunzitsa kuyankha kuti zikomo. Amene analiphunzira msanga liwulo anali a Dagi omwewo.

Ine a Sandalamu ndinawapeza atakhazikika kale. Anandilandira pa ntchito yotsuka mapoto, kenako anandiika pamoto. Ndagwira nawo ntchito nthawi yaitali ndipo sindinawaonepo ataledzera. Kapu yolawa ija, ndi tambula imodzi Lamlungu tikamaliza. Basi.

Munthu womwa yekha sankamufuna. Ankati womwa yekha ali ndi maliro amene sanauze anzake. Akamuona, ankanyamula mbale yake n'kukaiika patebulo la anthu ena, osamufunsa. Ena ankakwiya. Ambiri ankabweranso. Ankatinso nyama yopanda fupa ndi ya odwala, ndipo kasitomala wosiya mafuta pambale ankamutumizira funso ngati akudwala. Nkhanu sankadya. Ankati ndi kangaude wa m'madzi, ntchito yambiri nyama palibe. Koma supu yake ankaiphika iwo, ndipo anthu ankayendera kuchokera ku Annapolis.

Kukangana ankakukonda. Ine ankandinena za mchere tsiku ndi tsiku.

"Waisoni, Mlomwe angadziwe chiyani za nyama? Iwe unakulira kalongonda."

Tsiku lina ndinayankha. Ndinati Mngoni angadziwe chiyani za mchere, lilime linafa kale ndi masese. Masiku angapo sanandilankhule. Kenako ndinapeza mbale ya mang'ina pambali pa sinki, mchere uli wa mlingo wanga. Nkhani inathera pomwepo.

Ndi akuluampingo ku Hyattsville anakangananso. Anawauza kuti asiye ntchito ya kubala. Iwo anafunsa ngati madikoni oyendetsa matakisi amatsitsa anthu oledzera. Anawaletsa mgonero. Sanasiye kupita. Ankakhala kumbuyo, n'kumaimba mokweza kuposa onse.

Mkangano umene unawapweteka ndi wa mwana wawo. Tadala anakulira kuno. Anzake a kusukulu akabwera kunyumba, bambo ake ankalawa juwisi asanawapatse, iye n'kumafuna kulowa pansi. Zovala zawo zinkanunkha utsi ndi mowa wotayikira. Kutchalitchi ankamutchula mwana wa a kubala. Kuchigafa sanapondeko ndi tsiku limodzi lomwe. Anaphunzira kwambiri, anapita ku yunivesite kutali, anakhala loya. A Sandalamu ankauza aliyense, ngakhale wobweretsa nkhuni.

Tsopano za tsiku lija.

Inali nyengo yokolola maungu. Mwana wamkazi wa a Dagi ankakwatiwa, madyerero ali Kuchigafa, masana. Nthawi imeneyo a Henki anali atayamba kuiwalaiwala. Makiyi mufiriji, dzina la galu wawo osalikumbuka. Mayi Rute ankabisa. Tonse tinkaona, tonse tinkakhala chete. Ntchito yotsuka mapaipi inali ikadali yawo. Amatsuka ndi mankhwala a soda, oopsa, odya litsiro ndi mnofu womwe. Ukatha umapititsamo madzi ambiri. M'mawa umenewo a Henki anathira mankhwala, anaiwala madzi, n'kulumikiza mgolo wa mowa wakuda.

Anthu anadzaza. Wothira mowa anadzaza matambula a tebulo lalikulu: mkwati, mkwatibwi, makolo. Mowa wakuda subisa thovu koma umabisa zina zonse. Thileyi inali itanyamulidwa kale pamene a Sandalamu anatuluka m'khitchini ndi kapu yawo.

"Lero lokha tisiye," anatero mayi Rute. "Tachedwa, anthu akudikira."

"Adikire."

Anathira. Ndipo kulawa kwa Mngoni si konyambita. Anameza.

Ndinali pakhomo la khitchini ndi mbale ya nthiti. Ndinaona maso awo akutuluka. Anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Wonyamula thileyi anali atayamba kuyenda. A Sandalamu anamuthamangira n'kuimenya thileyiyo ndi mkono. Matambula onse pansi, magalasi mbwee, diresi la mkwatibwi lothimbirira. Anabwerera pamipopi, anaikumbatira kuti wina asaikhudze, kenako anagwa.

Anthu anaona nkhalamba yoledzera ikuwononga ukwati. A Dagi anatukwana. Ine ndinaona milomo yawo itayera ngati phulusa. Kapu inali pabala, zotsalamo zikuwira pang'onopang'ono, chitsulo chikuda. Ndinaibisa m'thumba. Mayi Rute anaiona. Anatsika pansi kukatseka migolo, anauza alendo kuti firiji yafa, ukwati unathera pa vinyo.

Kuchipatala a Sandalamu anakhalako nthawi yaitali. Madokotala anauzidwa kuti anasokoneza okha, anamwa za m'chigubu cholakwika. Mayi Rute ankafuna kukanena zoona. Iwo anawagwira dzanja n'kupukusa mutu. Atayamba kunong'ona anandikoka khutu.

"Zikamveka, malo atsekedwa. Henki akamutsekera kunyumba ya okalamba, akafera komweko ngati nkhuku. Anandilandira ndilibe kolowera. Pakamwa utseke."

"Nanga Tadala?"

"Makamaka Tadala. Ndi loya ameneyo. Agwetsa chigafa ndi mitanda yomwe."

Paukwati uja panali mayi wina wa kutchalitchi kwathu, anabwera paganyu yoperekera zakudya. Tadala asanatsike ndege, nkhani inali itamufika kale: bambo ako analedzera dzuwa likuswa mtengo, anaswa matambula paukwati wa azungu, mowa wawawotcha mmero. Anafika kuchipatala, anawafunsa ngati zili zoona. Iwo anayang'ana khoma. Anandifunsa ine. Ndinatuluka panja.

Tadala anawauza bambo ake kuti asankhe. Asiye malowo akakhale naye, kapena abwerere koma asamuyembekezere. Anabwerera Kuchigafa. Kuyambira pamenepo foni inkalira pa Khrisimasi pokha.

Mawu sanabwererenso. Anatsala ndi kunong'ona kosasa, kofuna kuti uweramire pafupi. Kumeza kunali nkhondo. Munthu amene ankati nyama yopanda fupa ndi ya odwala anakhalira phala ndi supu. Ankawotcha nthiti tsiku lonse, osadyako. Ankangondifunsa ngati zapsa, ndikayankha amvekere lilime la Mlomwe silodalirika. Kutchalitchi ankakhalabe kumbuyo, milomo ikuyenda, nyimbo osamveka.

Kulawa sanasiye. Ankakhudzitsa lilime, kudikira, kulavulira m'ndowa, kenako kumenya kapu pabala m'malo mwa mawu. Alimi ankayankhabe kuti zikomo. A Dagi anakhala miyezi osabwera, kenako anabwera, ankati anakhululuka. A Sandalamu anawapatsa mang'ina. Ntchito yotsuka mapaipi anaitenga okha. Anawakhazika a Henki pafupi ndi moto, n'kuwapatsa mbatata zoti azisenda. Anasenda mbatata zaka zonsezo, ali kwawo, mkazi wawo ali pompo. Nthawi zina ankawaitana a Sandalamu ndi dzina la mchimwene wawo amene anafa kalekale. A Sandalamu ankayankha.

Ndinawauzapo kamodzi kuti akumulakwira mwana. Anandiyankha monong'ona.

"Ndikudziwa. Koma iye ali ndi moyo wautali, adzamva. Henki alibe." Anapuma, chifukwa mawu ambiri ankawatopetsa. "Tonse awiri tikadzapita, kapu udzapereke kwa mwana. Usadzalankhule zambiri. Sumatha."

Anafa m'mawa, atakhala pampando wawo, anyezi atadula theka. Mtima. Pamaliro Tadala anachita zonse zofunika, bokosi labwino, maluwa ambiri. Polankhula anatchula za kazembe. Za Kuchigafa sanatchule. Mayi Rute anakhala kumbuyo. Ine ndinakhala chete, chifukwa a Henki anali akadasenda mbatata. A Henkiwo anatsatira m'nyengo yozizira yapitayi, anafera pabedi lawo.

Ndiye ndinamuimbira foni Tadala. Ndinati bwera udzatenge katundu wa bambo ako. Anati nditumize pa positi. Ndinati satumizika. Ndi mmene anapezekera pakhomo paja, akukana kulowa.

Ndinapukuta manja. Ndinatulutsa kapu n'kumupatsa.

"Ndayendera msewu wonsewu kapu yomwera mowa?"

"Yang'ana mkati."

Anayang'ana. Kuyambira pansi mpaka pakati ndi mwakuda, mokumbikakumbika ngati thabwa lodyedwa ndi chiswe. Anapisamo chala.

"Chinachita izi n'chiyani?"

"Mowa sudya chitsulo."

"Ndiye chinadya n'chiyani?"

"Chimene chinadya mmero wa bambo ako."

Mawu anga anathera pamenepo. Ndinamva ndodo ikugogoda pansi kumbuyo kwanga. Anali mayi Rute. Akalamba tsopano, amayenda pang'onopang'ono.

"Anachita ndi mwamuna wanga," anatero. "Ulowe ndikuuze, kapena ndikuuzire pompano. Ukamva, malo ano uchite nawo chimene ukufuna."

Tadala sanalowe. Ndiye mayi Rute anakamba ataimirira pakhomo pomwepo, chitseko chili chotsegula, mphepo ikulowa. Sanabise kalikonse. Ananena za mankhwala, za thileyi, za mawu awo aja oti lero lokha tisiye. Matebulo apafupi anasiya kudya. A Dagi anali pabala ndi zidzukulu zawo ziwiri, ana a mkwatibwi uja. Nawonso ankamva koyamba. Anavula chipewa. Anayang'ana anawo, anayang'ana pansi.

Tadala anagwira kapu ndi manja awiri. Ine ndinaopa kuti atisumira. Ndi loya, ndipo anali ndi chifukwa.

"Akanandiuza," anatero.

"Ukanatani?" anafunsa mayi Rute.

"Ndikanakusumirani."

"N'chifukwa chake."

Tadala anaseka pang'ono, misozi ikutsika. Anapukuta ndi kuseri kwa dzanja, makiyi akulira. Anafunsa ngati bambo ake ankamutchula. A Dagi anayankha ali pabala pomwepo, anati m'dera lonselo palibe mlimi amene sadziwa kuti Tadala anakhoza bwanji mayeso, ndipo ena anatopa nazo.

Analowa. Anayang'ana kudenga, mitanda ija. Ananunkhiza.

"Fungo la jekete lawo," anatero.

Tsikulo tinali ndi mgolo watsopano wa wakuda, wa chikumbutso. Chaka chonse ndinkalawa ndine, ndi tambula wamba, osanena kanthu. Wothira mowa anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana Tadala. Iye samwa, sanamwepo. Anapita yekha pampopi, anatchera kapu, inadzaza thovu lokhalokha chifukwa sadziwa kupendeketsa. Anamwako. Nkhope inakwinyika.

"Zoipa," anatero. "Ankazikonda bwanji zimenezi?"

Anadikira pang'ono, monga ankawaonera kunyumba ndi juwisi uja. Kenako ananena m'Chichewa, lilime likulemera.

"Ndalawa. Imwani."

"Zikomo," anayankha alimi.

Chinthu chimene chinandikhala pamapewa zaka zonsezo chinatsika. Ndinamva njala, koyamba tsiku limenelo.

Mpando wa a Sandalamu uli pakati pa khomo la khitchini ndi mipopi, pamene ankaona moto ndi anthu nthawi imodzi. Mwendo umodzi ndi waufupi, pansi pake pakadali katoni imene anapinda okha. Palibe amakhalapo. Ngakhale a ku Washington, malo akadzaza, amauyang'ana n'kuimirira. Pabala kutsogolo kwake thabwa linalowa mkati, pamene ankamenyapo kapu. Pamwamba pali msomali umene inkapachikidwapo. Tsopano ndi msomali chabe.

Tadala anaima pafupi ndi mpandowo, anaika dzanja pamene thabwa linalowa. Mayi Rute anali atamuitanitsira kale mang'ina ndi masamba otendera.

"Ankolo Waisoni," anandiitana. "Zaka zonsezi mumadziwa?"

Ndinavula epuloni, ndinaipachika pamsomali paja. Ndinadutsa m'khitchini, ndinatenga nthiti imodzi pamoto, n'kutulukira khomo lakumbuyo, kulowera kumunda wa chimanga.